Mutu Wachisanu: Chuni Chobedwa Kawiri

1. Chuni chasowa

Richenza anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo m'mutu mwake munali nyimbo makumi anayi za bambo ake. A Gozwin sankadziwa kulemba. Akapeka nyimbo ankaisungitsa kwa mwana wawoyo, iye n'kumawakumbutsa akaiwala. N'chifukwa chake ankayenda naye kulikonse kumene aitanidwa kukaimba.

A Gozwin anali woimba nyimbo zachikondi m'malinga a akuluakulu. Musaganize kuti ankaimbira akazi awo, mayi Jutta. Ayi ndithu! Woimba waulemu wake kwathu kuno amasankha dona wapamwamba, mkazi wa mwini, n'kumamutamanda chaka ndi chaka osamutchula dzina. Amadandaula kuti akuwonda, tulo sakuona, dona sakumuponyera diso. Anthu n'kumawomba m'manja. Mkazi amene amamusokera zigamba ndi kumuphikira kabichi, ameneyo m'nyimbo salowamo.

A Gozwin atayendayenda zaka makumi awiri opanda pokhala, Bwana wa linga la Ottersfels anawapatsa kanyumba ndi munda. Pangano linali limodzi: chaka chilichonse pa Pentekoste abweretse nyimbo yatsopano, mawu atsopano, chuni chatsopanonso. Chuni cha mnzako sichikhudzidwa. Woimba wopezeka nacho amatchedwa mbava, ndipo palibe linga limene lingamutsegulirenso chipata.

Chaka chimenecho mawu anabwera, koma chuni chinakana. A Gozwin anakanda zeze wawo mpaka zala zinatupa, chotuluka n'zakale zokhazokha. Tsiku lina anamva Richenza akuimba chapansipansi podyetsa nkhumba.

"Iwe, n'chiyani chimenecho? Tabwereza."

"Si kanthu, Bambo. Ndi ka amayi."

Chinali chuni chimene mayi Jutta anapekera mwana wawo Benno, amene anamwalira akuyamba kumene kuyenda, zaka zitatu zapitazo. Ankachiimba pamanda pokha, akapita kukazula udzu ndi Richenza. Amuna awo anali asanachimvepo.

"Amayi sangakonde, Bambo."

"Amako angasankhe chiyani, chuni kapena denga? Tikapita chimanjamanja ku linga, chisanu chikubwerachi mudzagona pansi pa mlatho. Imba. Ukatha kuimba, pakamwa pako utseke."

Richenza anaimba. Bambo ake anatenga chuni cholirira mwana n'kuchiveka mawu a milomo yofiira ya mkazi wa mwini. Zinamuwawa mtsikanayo, koma analoweza nyimboyo monga zina zonse, ndipo kwa amayi ake sananene kanthu.

2. Vinyo wa Emicho

Patatsala milungu itatu kuti Pentekoste ikwane, awiriwa ankachokera kokaimba ku ukwati. Mtsinje unali utadzaza, choncho anadikira m'chisakasa cha mwini bwato pamodzi ndi apaulendo ena. Mmodzi wa iwo anali Emicho, woimba wachinyamata wa malaya obiriwira ndi lilime lotsekemera.

"Abale, kodi si a Gozwin awa? Ha, lero ndiye ndadzuka bwino! Ine ndinakula ndi nyimbo zanu, madala. Landirani kavinyo aka mutenthetse kukhosi."

Chikho choyamba chinatsika, chachiwiri chinalondola chinzake.

"Nanga chaka chino mwawakonzera zotani a ku Ottersfels? Tilaweko pang'ono, ana tiphunzire."

Richenza anakoka malaya a bambo ake. "Bambo, nyimbo yatsopano siimbidwa panjira. Munanena nokha."

"Taonani kamtsikana aka! Wayamba liti kulera bambo ako?"

Anatero a Gozwin, namuchotsa dzanja n'kuimba. Emicho anapukuta misozi yabodza, napempha kuti abwereze. Anabwereza kawiri konse. Madzi atatsika, woyamba kulumphira m'bwato anali Emicho yemweyo, ngakhale kutsanzika sanatsanzike.

3. Mbava!

Tsiku la Pentekoste, Misa itatha, holo ya linga inadzaza. Bwana ndi Adona anakhala kutsogolo, asilikali a pakavalo ndi akazi awo m'mbali. Nyama ya nguluwe inkanunkhira holo yonse. Richenza anaima kukhoma pamodzi ndi atsikana operekera mbale, pamalo poti bambo ake azimuona milomo ngati angaiwale mawu.

A Gozwin anakhudza zeze n'kuyamba. Ndime yoyamba sanaimalize. Anthu anayamba kuyang'anana, kenako kunong'onezana. Msilikali wina wonenepa anamenya tebulo.

"Iyi tinaimva kale iyi! Si chuni cha mnyamata uja ichi?"

Kumapeto kwa tebulo kunaimirira munthu wovala mkanjo watsopano, mphatso ya Bwana. Anali Emicho. Anali atafika masiku khumi m'mbuyomo, n'kuimba chuni chomwecho ndi mawu ake.

"Bwana, mtima ukundiwawa," anatero atagwira pachifuwa. "Madalawa ndinkawalemekeza ngati bambo anga. Ndinawaimbira pa doko kuti andiwongole, osadziwa kuti ndikulowetsa khoswe m'nkhokwe."

Koma abale, anthu ena manyazi anawasiya m'mimba mwa amayi awo! Munthu wakuba n'kumalira kuti waberedwa, diso lili gwa.

"Wabodza iwe! Galu!" a Gozwin anakuwa. "Chuni n'changa!"

Mawu awo anamira m'phokoso. "Mbava! Mbava ya chuni!"

Bwana anakweza dzanja, holo inati zii.

"Gozwin, nyumba ndi munda ndinakupatsa chifukwa cha nyimbo zatsopano, osati zotola. Belu la mapemphero a madzulo likamalira, ubwere ndi mboni yakuti chuni si cha mnyamatayu. Ukalephera, iwe ndi a m'nyumba mwako mutuluke mwezi uno usanathe."

4. Akulu awiri aletsa

Richenza anawapeza bambo ake m'khola la akavalo, atakhala pa mtolo wa udzu, zeze ali pansi.

"Bambo, mboni ilipo. Ndine. Ndikanena kuti chuni n'cha amayi, cha kumanda kwa Benno. Akhala akuchiimba zaka zitatu, Emicho asanachilote n'komwe."

A Gozwin anadzutsa mutu, maso ali psuu.

"Ukanene chiyani? Kuti Gozwin, amene waimbira mabishopu ndi akalonga, anatola chuni kwa mkazi wodyetsa nkhumba? Bola nyumbayo ipite."

"Ipite? Nanga amayi akagona kuti?"

"Tinagonapo m'makola kale, sitinafe. Nyumba imapezeka ina, koma dzina likagwa silidzuka. Kubera woimba mnzako ndi mlandu, anthu amakwiya n'kuiwala. Kubera mkazi wako ndi nthabwala, imeneyo saiwala mpaka kumanda."

Richenza anayankha mwaukali: "Pofuna chuni munati denga ndi lalikulu kuposa chuni. Lero dzina lanu lakula kuposa denga?"

"Ukatsegula pakamwa m'holo muja, si iwe mwana wanga. Choka!"

Anatuluka misozi ili m'maso. Kuseri kwa khola anakumana ndi mayi Hazecha akuanula nsalu. Amenewa anali mayi wokalamba woyang'anira zochapa ndi atsikana onse a m'lingamo, ndipo ankawadziwa mayi Jutta kuyambira utsikana.

"Bwera kuno, mwana wa Jutta. Ndamva zonse, makoma a kholali ndi matabwa chabe. Gwira nsaluyi tipinde, uku ukumvera.

"Ine ndakalambira m'linga lino, ndipo oimba ndawaona ambiri. Amabwera ndi nthenga pachipewa, amalira kuti akufa ndi chikondi, akatero amadya nkhuku ziwiri n'kumapita. Sindinaonepo ngakhale mmodzi atafa. Amene ndawaona akufa ndi akazi awo kumudzi, ndi njala ndi chisanu. Ndiye usaganize kuti ndikuikira kumbuyo bambo ako.

"Koma tamvera. M'holo muja mtsikana salankhula asanafunsidwe. Ukalankhula akuseka, ndipo kuseka kwa akuluakulu kumamatirira. Mawa ukafuna banja, adzati ndi uja anavula bambo ake pagulu. Ndani angakutenge? China n'chakuti mawu onenedwa m'holo sathera m'holo, amakwera kavalo. Amako sakudziwa kuti nyimbo ya mwana wawo yafika patebulo la anthu oledzera, si choncho? Ukanena, adziwa. Ndipo chimene adzafunse poyamba si nyumba ayi, adzafunsa amene anaitulutsa kumanda nyimboyo. Nkhuyu zodya mwana zimapota akulu, mwanawe. Unadya kale, usathamangire kudya zina. Khala chete. Ine ndikawanyengerera Adona kuti amako abwere kuno tizichapa limodzi. Pogona sangasowe."

Richenza anasiya nsalu ija. "Amayi achoke m'nyumba mwawo, asiye munda wawo, asiye manda a Benno, kuti adzachape malaya a Emicho?"

"Ndati pogona, sindinati ulemu."

"Iwo analakwa chiyani?"

"Palibe. Kodi unamvapo kuti amene amavutika ndi amene analakwa?"

Akulankhula choncho, belu linayamba kulira.

5. Mboni

Anthu anabwerera m'holo mothamanga. Mlandu umakoma kuposa nyimbo, makamaka ukakhala wa mnzako.

"Gozwin, mboni yako ili kuti?" anafunsa Bwana.

A Gozwin anayang'ana pansi. "Ndilibe, Bwana."

Ndilibe! Mboni ili chiimire kukhoma, munthu wamkulu n'kupereka nyumba ya mkazi wake ndi mawu amodzi.

"Ilipo!"

Richenza anali atachoka kukhoma kuja. Anaima pakati pa holo. Kapitawo wa antchito anathamangira kuti amukoke.

"Iwe, bwerera kukhoma! Wakuitana ndani?"

Adona anakweza chala. "Musiyeni. Ndiwe yani, mtsikana?"

"Ndine Richenza, mwana wa a Gozwin. Adona, chuni chimenechi si cha Emicho. Si cha bambo anganso. N'cha amayi anga, a Jutta. Anachipeka pamanda a mlongo wanga Benno zaka zitatu zapitazo. Ine ndinachipereka kwa bambo, amayi osadziwa. Bambo anachiimba pa doko katatu atamwa vinyo wa munthu uyu."

Holo inaphulika ndi kuseka.

"Gozwin ali ndi mkazi?" msilikali wonenepa uja anafuula akupukuta misozi. "Nanga kuwonda konse kuja? Kani akachoka pano amakadya kabichi wa mayi kunyumba!"

"Mufunseni, mwina ndevu zomwe n'zobwereka!" wina anawonjezera.

A Gozwin anangoti chilili, nkhope ili pansi. Emicho anadikira kuti phokoso litsike, kenako anawerama mwaulemu.

"Adona, mwana wa mbava angalekerenji kuikira bambo ake kumbuyo? Ine chuni ndinachipeka ndekha m'nkhalango, ndikumvetsera mbalame."

"Mbalame yakeyo inali ndi ndevu za imvi ndi chikho m'manja," Richenza anayankha.

Kuseka kunatembenukira kwa Emicho, makutu ake n'kufiira. Koma Adona sanaseke. Anayang'ana a Gozwin nthawi yaitali.

"Gozwin, zaka zisanu ndi ziwiri wakhala ukuimba m'holo muno kuti mwamuna weniweni amatumikira akazi ndi kuwalemekeza. Dona wako sumutchula dzina, koma tonse timaona kumene maso ako amapita ukamaimba. Ndiye ngati mwanayu akunena zoona, lero unabwera kudzanditamanda ndi misozi ya mkazi wako? Ine ndinakupempha zimenezo?"

Adona ananong'oneza Bwana, ndipo Bwana anaimirira.

"Mawu a mwana yekha sakwanira. Mkaziyo abwere yekha pasanathe masiku atatu. Agwire mtanda, alumbire, achiimbe pano tonse tikumva. Akatero, mbava ndi Emicho, ndipo nyumba ikhala. Akapanda kubwera, mutuluka monga ndanenera. Oimba awiriwa asatuluke pachipata mpaka tsikulo."

Potuluka m'holo, Richenza anayandikira bambo ake. Iwo sanamuyang'ane.

"Wasangalala? Upite wekha ukawauze amako. Ine mwana ndilibe."

Mayi Hazecha anamugwira pamkono n'kupita naye kukhitchini. Anamupatsa buledi wakuda ndi kachidutswa ka nyama ka pa ulendo.

"Ndinakuuza, sunamve," anatero. "Chabwino. Wayamba, umalize. Ukafika usakazungulire, amako si mwana."

6. M'munda wa kabichi

Richenza ananyamuka m'mawa mwake. Anawoloka pa doko lomwe lija, nayenda osapuma, mpaka anafika kwawo dzuwa litapendeka. Anawapeza amayi ake m'munda akupalira kabichi, siketi atakwinyira m'chiuno, mapazi ali matope.

"Wabwera wekha? Bambo ako ali kuti? Adwala?"

"Ali bwino, Amayi. Ali ku linga. Bwana sakuwalola kutuluka."

Mayi Jutta anaimika khasu. "Alakwa chiyani?"

Richenza sanazungulire. Anafotokoza za Emicho, za vinyo wa pa doko, za anthu okuwa kuti mbava, ndi za chigamulo cha Bwana. Ananena kuti nyumba ndi munda zipulumuka pokhapokha iwo akapita kukaimba chuni chawo m'holo.

"Chuni changa? Ine ndili ndi chuni? Woimba m'nyumba muno ndi bambo ako."

"Cha Benno, Amayi."

Mayi Jutta anayang'ana kumtunda, kumene kunali tchalitchi ndi manda, kenako anayang'ana mwana wawo.

"Bambo ako sanandimvepo ndikuchiimba. Sanapondepo pamanda paja chiikireni mwana. Anachimva kwa yani?"

"Kwa ine."

"Kwa iwe."

"Anati tikapanda nyimbo atilanda nyumba. Ndinaopa, Amayi. Ndinalakwa."

"Ndipo anaikamo mawu?"

"Inde."

"Imba."

"Amayi, chonde."

"Ndati imba. Oledzera a ku linga amva, Emicho wamva, akavalo omwe amva. Ine mwini wake ndisamve?"

Richenza anaimba:

Milomo yanu yofiira, dona wanga wapamwamba,
yandilanda tulo, yandilanda nzeru.
Mukangondimwetulira kamodzi kokha,
ngakhale m'manda ndidzadzuka.

Anafuna kupitiriza ndime yachiwiri, koma amayi ake anakweza dzanja. Sanalire. Bola akanalira, bola akanamumenya ndi mpini! Anangopukuta manja pa siketi pang'onopang'ono, chala ndi chala.

"Zaka makumi awiri ndamutsata m'misewu munthu ameneyo," anatero. "Ankaimbira akazi a eni, ine n'kumati ndi ntchito, tidyera momwemo. Sindinapemphepo nyimbo ngakhale imodzi. Ndinali ndi yanga, imodzi yokha, ndipo amene anaimva ndi munthu mmodzi yekha. Iwe."

"Amayi, mukapanda kupita atilanda nyumba. Mudzachoka pano, mudzasiya Benno."

"Ndiye ndikaime pakati pa anthu okhuta nyama, ndiwaimbire mwana wanga, aziseka?"

"Kamodzi kokha, Amayi."

Mayi Jutta anatola khasu lawo.

"Bwerera ukawauze adona akowo kuti chuni chimenecho ine ndilibenso. Munatenga."

Anatembenuka n'kuyambanso kupalira, mzere womwe anasiyira. Richenza anaitana kawiri, iwo osacheuka. Anaima chomwecho m'matope, mthunzi wa tchalitchi ukutalika mpaka unafika m'mundamo. Pa masiku atatu a Bwana, limodzi linali litatha.